Botolo la M'chikwatu

M'midzi yonse ya kumtunda kwa Chidzolomondo munalibe munthu wodziwa kuopa ngati aNangondo. Dzina lawo la ubatizo linali Terezinha, koma ana ankawatcha aSamalani, pakuti mawu amenewa ndiwo ankayamba kutuluka pakamwa pawo asanasukusule n'komwe. Samalani njoka m'nkhuni. Samalani chitsime chilibe chivundikiro. Samalani mota, njinga zamotozi, oyendetsa a masiku ano amathamanga ngati anasiya mutu wina kunyumba. Munthu akawaseka ankangoti, "Sekani. Chakudza sichiimba ng'oma."

Ankalera mdzukulu mmodzi, Sheila, wa zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Mayi ake a Sheila, Anabela, anali mwana wawo yekhayo wamkazi, ndipo ankagulitsa mu loja, sitolo ina ya ku Tete, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mwamuna wa Anabela, Edgar, ankayendetsa chigalimoto cha katundu. Sheila atangoleka kuyamwa anamutula kumudzi, poti kutentha kwa ku Tete kunkamutulutsa tiziphuphu thupi lonse ndipo masana kunalibe womuyang'anira.

M'mawa uliwonse aNangondo ankamuimika mwanayo pakati pa mawondo awo. Ankamukweza chibwano kuyang'ana khosi. Ankatembenuza timanja kuona kunja kwake. Ankakanikiza chala pamwamba pa phazi n'kudikira aone ngati pasala kadzenje. Ankakoka chikope cha m'munsi kuti aone kufiira kwake. Akatha zonsezi ankapuma mozama n'kunena kuti, "Pita ukasewere. Koma usakwere pamtondo."

Mwezi wa Julyu, mphepo ili tsemwe, Anabela ndi Edgar anabwera kudzacheza. Monga mwa mwambo, mkamwini ndi apongozi ake sanayang'anizane. Edgar anakhala pa kampando kuseri kwa nkhokwe, aNangondo pamphasa mbali ino, Anabela pakati ngati mlatho.

"Uwauze apongozi," anatero Edgar mokweza kuti mawu adumphe nkhokwe, "kuti mwanayu wawonda. Ana a abwana anga, msinkhu womwewu, masaya ali phwii. Amamwa mavitamina tsiku ndi tsiku."

"Uwauze atate ake a Sheila," anayankha aNangondo, "kuti nkhanga sinenepa ngati nkhuku ya m'khola. Koma aithamangitse aone."

"Nonse muli ndi makutu," anadandaula Anabela. "Ine mukungonditopetsa."

Kenaka anatsegula chikwama n'kutulutsa botolo la ku farimasiya. M'kati munali tinthu tofewa, tofiira, tachikasu, tobiriwira, tooneka ngati tiana ta mbewa tosamera ubweya. Kunja kunali zolemba zing'onozing'ono za chilankhulo chimene ngakhale Anabela, amene anapita ku esikola, sankachimva bwino.

"Kamodzi patsiku, amayi. Anatero wogulitsa."

"Wogulitsayo anamuona Sheila?"

"Amayi, musayambe."

Mawu a Edgar anadumphanso nkhokwe, ulendo uno olemera. "Uwauze kuti tibweranso mu Outubru. Tikamuyeza kuchipatala ku Furancungo. Ngati sikelo siikwera, mwana tikumutenga. Tikamupezera womulera ku Tete konko."

ANangondo anamva ngati wina wawathira madzi a m'mawa kumsana. Anangoyang'ana Sheila, amene nthawiyo anali kalikiliki kuthamangitsa anapiye.

Anabela anamuitana mwanayo n'kumuika kamodzi m'kamwa. Maso a Sheila anawala.

"Switi! Mama, china!"

"Si switi iyi, ndi mankhwala."

"China! Chofiira!"

Analira mpaka kudzigwetsa m'fumbi, ndipo analeka pokhapokha botolo litaikidwa pamwamba pa khoma, m'munsi mwa denga.

Alendo ananyamuka m'mawa mwake. ANangondo anawaperekeza mpaka panjira ya shapa, maminibasi a kumeneko, akuwachenjeza za milatho ndi za madalaivala ogona pa chiwongolero. Pobwerera, atangolowa m'nyumba, anaona zimene ankaopa. Sheila anali atagubuduza mtondo kuulowetsa m'nyumba, wauvundikira, wakwerapo, botolo lili m'manja, mano ali pa chitsekerero.

"Mayi wanga ine!"

Anamulanda. Chitsekerero chinali ndi zipsera za mano koma chinali chisanatseguke. Anakhala pansi pomwepo. Sanadziwe kuwerenga, komabe chimodzi ankachidziwa: chinthu chimene akuti kamodzi kokha patsiku, ndiye kuti makumi awiri pakamodzi ali ndi mlandu. Nanga akanapita kudimba? Nanga akanachedwa kucheza panjira? Mankhwala enieni amawawa, ndipo kuwawako ndiko kumalondera mwana. Awa anali mankhwala ovala nkhope ya switi.

Tsiku lomwelo anathyola masamba a msuku, anatenga luzi, natsitsa lichero la mfutso wa khwanya. Ntchito yomanga zikwatu ankaidziwa kuposa mkazi aliyense m'mudzimo: kuyala masamba mozungulira, kuthira ndiwo zouma pakati, kukulunga mpaka chikhale ngati dzungu, kumanga zolimba kuti chinyontho ndi tizilombo zisalowe. Ulendo uno pakati pa mfutso anaikapo botolo. Anachipachika kukhitchini pakati pa zikwatu zinzake khumi ndi ziwiri, pamene mwana sakanafika ngakhale atasanjikiza mitondo itatu.

Mnansi wawo Rita, mkazi wa pakamwa posachedwa, anaona zonse.

"Ndiye mwana wa eni simumupatsa? Adzakulandani, amayi."

"Ndikudziwa."

"Bwanji osangotaya kamodzi patsiku m'chimbudzi? Akadzabwera adzaona botolo lopanda kanthu, nkhani yatha."

"Si changa kuti nditaye. Komanso ndikanama lero, mawa mwana atadwala, anamwino n'kufunsa chimene wakhala akumwa, ndidzati chiyani? Samala nalo bodza, Rita. Limadikira tsiku la matenda."

"Inu ndiye mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe."

"Nachonso chimagwetsa anthu m'maenje."

Mantha a aNangondo sanagwe kumwamba. Anali ndi kwawo. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, kutsidya kwa Dzalanyama, Anabela ali kumsana. Kumsasa kunalibe munda, kunalibe dimba. Ankadya zimene apatsidwa. Chaka china mtedza unaleka kubwera, kunatsala ufa wokhawokha, ndipo patapita miyezi anthu anayamba kuda khungu m'khosi ngati avala mkanda wamakala. Kunja kwa manja kunkakhakhala n'kusenda. Ena ankatsegula m'mimba, ena ankayamba kulankhula okha. Anabela, ali ndi zaka ziwiri, anavala mkanda umenewo. Anamupulumutsa ndi timapiritsi ta kuchipatala cha pamsasa, towawa, toperekedwa ndi munthu amene anayamba wamuona mwanayo. Kenaka mtedza unabweranso, ndipo mkanda unachoka mumsasa monse.

Atabwerera kwawo nkhondo itatha, aNangondo analumbira kuti m'nyumba mwawo simudzakhalanso ufa wokhawokha. N'chifukwa chake ankafutsa chilichonse chobiriwira: khwanya, chitambe, nkhwani, chisoso, bonongwe, ndi bowa yemwe. N'chifukwa chake mtedza wawo sankagulitsa wonse ngakhale ogula achite kugwada. N'chifukwa chake ankayang'ana khosi la Sheila m'mawa uliwonse.

Miyezi itatuyo sanasinthe kanthu. Mtima unkawauza kuti amudyetse mwana mpaka akhute mopitirira, amuthirire shuga ndi mafuta kuti sikelo ikwere, koma anaopanso kumuwononga m'mimba. Choncho zinali zomwe zija za masiku onse. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo popeza Sheila ankalavula chisoso, agogo ake ankachisinja chouma mpaka chikhale fumbi n'kuchibisa m'phalamo. Masana nyemba, kapena matemba osinja ndi mitu yomwe, ndi mfutso wotendera. Chakumadzulo mbatata yofiira m'kati kapena dzungu. Papaya likapsa kuseri kwa bafa, loyamba linali la Sheila. Nkhuku ikaikira, dzira limodzi linali lake.

"Mazira kwa mwana wamkazi?" anadabwa Rita. "Amayi athu ankaletsa zimenezo."

"Anganso ankaletsa. Zimenezo ndinazisiya kumsasa. Ndinaona ana akufa osadya mazira, sindinaone wakufa ndi dzira."

Lamulungu lililonse Anabela ankaimba pa telefoni ya Rita.

"Amayi, akumwa?"

"Akudya bwino."

"Ndati akumwa?"

"Dzulo wathamangitsa mbuzi mpaka kudambo. Iwe, matelefoniwa akuti amaphulika akatentha. Rita, tenga chako."

Akatero ankapita kukhitchini, n'kuima pansi pa chikwatu chija, akuchiyang'ana ngati munthu woyang'ana mitambo. Akalakwitsa, mwana apita. Ngakhale sikelo itakwera, makolo akadziwa kuti sanawamvere, mwina mwana apitabe. Njira zonse ziwiri zinkaoneka ngati zikulowera ku Tete.

Outubru anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Edgar ndi Anabela anabwera Lachitatu, ndipo Lachinayi m'mamawa onse anakwera shapa ya ku Furancungo. Edgar anakhala kutsogolo ndi dalaivala, aNangondo kumbuyo kwenikweni, Sheila pamiyendo, dengu pamapazi. M'dengumo munali karitawu wa sikelo, khadi la kuchipatala la mwanayo, wokulungidwa m'pulasitiki ziwiri, ndi chikwatu.

"Nanga ndiwozo mukupita nazo kuti, amayi?" anafunsa Anabela.

"Ulendo sudziwika."

Pachipatala panali amayi ambiri, ena pamabenchi, ena pansi pa mtengo. Namwino wa tsikulo anali mayi wamfupi wa magalasi, enifermera Glória, wolankhula Chichewa chosakaniza ndi Chipwitikizi ndiponso wosachedwa kuseka. Nthawi yawo itakwana, Sheila anavekedwa kabudula wa sikelo n'kupachikidwa pa ngowe. Anapalasa miyendo m'malere ngati chule. Muvi unagwedezeka, unagwedezeka, unaima. ANangondo anatsinzina.

"Treze e meyu, makilo khumi ndi atatu ndi theka," anatero namwino, akulemba kadontho pa karitawu. "Wakwera. Onani njira yake, mai: kadontho aka, aka, aka. Ikungokwera phiri bwinobwino chiyambire. Muito bem, zili bwino kwambiri."

Edgar, amene anaima pakhomo kuti asayandikane ndi apongozi ake, anawomba m'manja kamodzi.

"Mwamva? Anabela, wamva? Ndinanena ine! Mavitamina amenewo, sinyora enifermera. Ndinagula ndekha ku Tete. Miyezi itatu yokha, taonani khungu kusalala."

"Mavitamina anji, pai?" anafunsa namwino. "Analemba ndani? Ndione botolo."

"Amayi," anatero Anabela, "botolo lija mwabwera nalo? Ngakhale lopanda kanthu."

ANangondo anawerama. Anatulutsa chikwatu m'dengu n'kuchiika pa tebulo la namwino, pambali pa mabuku. Amayi a pabenchi anasuzumira. Mfundo za luzi anazimasula imodzi imodzi, pakuti luzi labwino sadula. Masamba a msuku anayanzika, fungo la mfutso linadzaza chipinda, ndipo pakati pa khwanya panaoneka botolo. Linali lodzaza. Kutentha kwa kukhitchini kunali kutasungunula tiana ta mbewa tonse tija, n'kukhala chibuluma chimodzi cha mitundumitundu, chomata pansi pa botolo.



Edgar anaiwala mwambo. Analowa m'chipindamo n'kuwayang'ana apongozi ake m'maso, pakamwa pali yasa. Mayi wina pabenchi anagwira pakamwa. "Aa, mkamwini kuyang'ana chonchi!" Edgar anadzidzimuka, natembenukira kukhoma kumene kunali chithunzi cha mayi woyamwitsa, nasowanso poyang'ana.

"Amayi!" anatero Anabela. "Miyezi itatu! Ine kuimba Lamulungu lililonse!"

"Sindinakunamize. Unkafunsa za kumwa, ine ndinkakuuza za kudya."

"Bwanji osangonena?"

"Ukanabwera mawa lake kudzamutenga," anatero aNangondo. Sanazolowere kulankhula pamaso pa anthu ovala zoyera, koma mawu anali atafika kale pakhosi. "Tsiku lomwe munachoka ndinamupeza pamwamba pa mtondo, botolo lili kukamwa. Taona mano akewa pa chitsekerero. Ine sindiwerenga, mwana wanga. Sindidziwa chimene chili umu. Chimene chili umu," analoza mfutso, "ndinabzala ndekha, ndinathyola ndekha, ndinayanika ndekha. Ndipo usaganize kuti ndimadana ndi mapiritsi. Iweyo uli moyo chifukwa cha mapiritsi. Kumsasa khosi lakoli linada ngati mphika, unatsala pang'ono kundisiya. Koma kumeneko tinalibe munda. Sheila ali ndi munda."

Anabela anakweza dzanja n'kugwira khosi lake. Nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

Namwino anatenga botolo, anakweza magalasi, nawerenga zolemba zija kwa nthawi. Kenaka analiika pansi, natembenukira kwa agogo a mwanayo.

"Avo, mwanayu amadya chiyani? Yambani ndi m'mawa."

ANangondo anayamba. Phala ndi nsinjiro zake. Chisoso chobisa. Matemba ndi mitu yomwe. Nyemba, dzungu, mbatata yofiira, papaya, dzira. Atafika pa ngumbi za nthawi ya mvula ndi masuku, namwino anali akuseka kale. Anamuitana Sheila, namukoka chikope, namukanikiza phazi, namuyang'ana m'kamwa ndi m'khosi.

"Zimenezo ndaona kale m'mawa," anatero aNangondo.

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka.

"Pai, tembenukani, ine si apongozi anu," anatero namwino. Edgar anatembenuka chammbali. "Mwana wanu ali bwino. Ndi wamafupa aang'ono basi, ndipo kunenepa masaya si umboni wa thanzi. Mwana amene akudya chonchi, akukula chonchi, safuna botolo ili. Alipo ana amene timawapatsa zowonjezera: odwaladwala, ochepa magazi, amene sikelo yawo yaima, amene kunyumba kuli ufa wokha. Koma timayamba tamuona mwanayo, osati kungogula chifukwa mwana wa abwana akumwa. Ndipo apa alemba kuti muli ferro, mankhwala owonjezera magazi. Mwana akanatsegula n'kudya zonsezi ngati maswiti, tikanakumana kuno mukuthamanga, osati mukuwomba m'manja."

Edgar anayang'ana zipsera za mano pa chitsekerero.

"Chimene timapereka kwa ana onse a msinkhu uwu ndi ichi." Namwino anatenga kambulu kofiira ka vitamina A, anadula kansonga, nafinyira madontho m'kamwa mwa Sheila. Anamupatsanso piritsi la njoka za m'mimba. "Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mpaka akwanitse zaka zisanu. Pa karitawu apa ndikuona kuti avo sanaphonyepo ngakhale kamodzi."

"Kuphonya ine? Ndimafika musanatsegule."

Mayi wina wachitsikana, mwana ali kumsana, anasendera pafupi ndi tebulo. "Agogo, chisosocho mumasinja chouma kapena mumayamba mwachiwiritsa?"

"Umafutsa kaye pang'ono, osachedwetsa pamoto. Uyanike pamthunzi wopita mphepo, ndipo usamale nkhuku. Usamalenso mchenga. Komanso mtondo wosinjira ukhale wouma, ukapanda kutero..."

"Avo, avo," anadula namwino akuseka, "mzere ndi wautali. Kawaphunzitseni panja. Botololi lisiyeni kuno."

Panja pansi pa mtengo amayi asanu ndi mmodzi anawazungulira. ANangondo anakhala pamuzu, chikwatu pamiyendo, n'kuchimanganso pang'onopang'ono kuti onse aone mmene masamba amagonerana ndi mmene luzi limadutsira. Chopanda botolo chinakhala chaching'ono, chozungulira bwino. Koma khutu lawo limodzi linali kwina. Edgar ndi Anabela anaima chapatali pafupi ndi mpanda, akulankhula motsitsa, ndipo chigamulo chinali chisanatuluke.

Amayi aja atabalalika, Anabela anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mayi ake. Maso ake anali ofiira. Edgar anaima kuseri kwa tsinde la mtengowo, nakhosomola.

"Anabela. Uwauze apongozi kuti mwana akhale."

ANangondo anagwira chikwatu ndi manja onse awiri. Sheila anali uko, akuthamangitsa mbuzi ya eni pabwalo la chipatala, timiyendo tili pepepe.

"Uwauze atate ake a Sheila kuti ndamva. Zikomo."

Kuseri kwa mtengo kunamveka kukhosomola kwina.

"Uwafunsenso ngati kunyumba kwatsala chikwatu china. Chopanda botolo. Pamsewu timangodya buledi ndi zakumwa za m'zitini."

Anabela anaseka misozi ili m'masaya. ANangondo anaimirira, anakonza chitenje, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu mawu awo anatuluka athunthu, omveka mpaka kumsika.

"Uwauze zilipo khumi ndi ziwiri, atenge zitatu. Koma asamale. Asachiike pafupi ndi mafuta a galimoto. Asachisiye pachinyontho. Akamasula amangenso, luzi asataye. Ndipo iwe Sheila! Siya mbuziyo, ili ndi nyanga!"